Khadi la bizinesi

Khadi la bizinesi ndi kapepala kolimba, kokula pafupifupi ngati khadi la ku banki, kamene pamasindikizidwa dzina la munthu, udindo wake, dzina la kampani kapena bungwe limene akugwirako ntchito, komanso njira zomupezera. Pa Chingerezi limatchedwa business card, pa Chifalansa carte de visite, ndipo ku Japan amalitcha meishi. Anthu amapatsana makhadi amenewa akakumana koyamba pa nkhani za malonda kapena za ntchito, kuti wolandirayo azikumbukira amene anakumana naye ndiponso adzadziwe komupeza tsiku limene adzamufune.

Ku Ulaya makhadi otere akhala akugwiritsidwa ntchito kwa zaka zoposa 300, ndipo ku China mwambo wake ndi wakale kwambiri kuposa pamenepo. Zolembedwa pakhadi zakhala zikusintha malinga ndi njira zolumikizirana za nthawi iliyonse. Poyamba linkalongosola njira yopita kusitolo, kenako linayamba kunyamula nambala ya lamya, ndipo lero limalozera ku imelo, WhatsApp kapena webusaiti. Chimene sichinasinthe ndi kaperekedwe kake, kochoka m'manja mwa munthu wina kupita m'manja mwa mnzake. Ichi n'chimene chachititsa kuti khadi lisathe ngakhale pamene mafoni a m'manja afala ponseponse.

Mbiri

Makhadi akale kwambiri amene akudziwika sanali a pepala. M'nthawi ya ufumu wa Han ku China, umene unatha m'chaka cha 220, akuluakulu a boma ankalemba mayina awo, kwawo ndi udindo wawo pa timatabwa tosalala, ndipo ankatsogoza kathabwako kwa munthu amene akufuna kukamuona. M'chaka cha 1984 anthu ofukula zinthu zakale anatsegula manda a Zhu Ran, mkulu wa asilikali wa ufumu wa Wu amene anamwalira mu 249. Mandawa ali mumzinda wa Ma'anshan m'chigawo cha Anhui, ndipo mwa zinthu zimene zinapezekamo munali timatabwa totere tolembedwa dzina lake. Limodzi mwa mayina a timatabwati pa Chitchaina linali ci, ndipo chilembo chake ndi chomwecho chimene chili m'mawu a Chijapani akuti meishi.

Ku Ulaya kunali mitundu iwiri ya makhadi imene kwa nthawi yaitali sinkasakanizidwa. Mtundu woyamba unali khadi lochezera, lomwe linafala pakati pa anthu olemera ndi a kunyumba yachifumu ku France m'zaka za m'ma 1600 ndi 1700, kenako ku Britain ndi kumayiko ena. Munthu sankangofika pakhomo pa mnzake n'kulowa. Ankasiya khadi lake kwa wantchito wa panyumbapo, amene ankaliika pa kambale n'kukapereka kwa eni nyumba. Eni nyumbawo akadzabweza khadi lawo patapita masiku, ndiye kuti alola kuti adziwane. Akakhala chete, winayo ankadziwa yekha kuti sakufunidwa. Panalinso timalamulo tambiri. Kupinda ngodya ya khadi kunkasonyeza kuti mwini wake anabwera yekha, sanatume wantchito. Zilembo zakuti p.p.c., zomwe ndi chidule cha mawu a Chifalansa otanthauza kutsanzika, ankazilemba munthu amene akuchoka mumzindamo kwa nthawi yaitali.

Mtundu wachiwiri unali khadi la amalonda, ndipo uwu ndi umene unabala khadi la bizinesi la masiku ano. Unafala mumzinda wa London kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1600. Nthawi imeneyo nyumba za mumzindawu zinalibe manambala. Sitolo inkadziwika ndi chikwangwani cholendewera pakhomo, chojambulidwa mkango, nangula, nkhosa kapena chinthu china, moti khadi linkafunika kuonetsa chithunzi cha chikwangwanicho ndi kulongosola kuti sitoloyo ili mumsewu uti, pafupi ndi tchalitchi chiti kapena moyang'anizana ndi nyumba iti. Ena ankajambulapo mapu. Makhadiwa ankakhala aakulu kuposa a lero, ndipo kuseri kwake wamalonda ankatha kulembako ngongole kapena lisiti. Manambala a nyumba anayamba kufala ku London m'zaka za m'ma 1760, zikwangwani zolendewera zitaletsedwa, ndipo kuyambira pamenepo keyala inayamba kufupika.

Ojambula odziwika nawonso ankagwira ntchito imeneyi. William Hogarth, amene pambuyo pake anakhala mmodzi mwa ojambula otchuka a ku England, anadzipangira khadi lake mu 1720 pamene ankayamba bizinesi yozokota zithunzi pa mkuwa. Makhadi ambiri a nthawiyo akusungidwa ku British Museum, makamaka amene anasonkhanitsidwa ndi Sarah Sophia Banks komanso Ambrose Heal, ndipo olemba mbiri amawagwiritsa ntchito pofuna kudziwa zimene anthu ankagulitsa ndi kumene ankagulitsira.

Mu 1796 Alois Senefelder wa ku Germany anatulukira njira yosindikizira pogwiritsa ntchito mwala wosalala, yotchedwa lithography. Njirayi itakonzedwa kuti izitulutsa mitundu yambiri, makhadi okongola anatsika mtengo. Ku United States anafala kwambiri pambuyo pa chionetsero chachikulu cha ku Philadelphia cha mu 1876, ndipo ana ndi akulu omwe ankawatolera n'kumawamata m'mabuku. Pofika cha m'ma 1900 makampani anasamutsira malonda awo m'magazini, ndipo makhadi a zithunziwo anachepa. Chotsala chinali khadi laling'ono, losachulukitsa mawu, lotengera kukula kwa khadi lochezera koma lonyamula uthenga wa wamalonda. Ngakhale zinali choncho, kwa nthawi ndithu kusiya khadi la bizinesi panyumba ya munthu pocheza kunkaonedwa ngati mwano, chifukwa zinkaoneka ngati mlendoyo wabwera kudzalonjerera ngongole.

M'zaka za m'ma 1900 pakhadi panawonjezeka nambala ya lamya, kenako ya telex ndi ya fax. Maofesi ankalandira makhadi ochuluka moti panafunika chosungiramo. Chodziwika kwambiri ndi Rolodex, kachipangizo kozungulira kokhala ndi timakhadi toikidwa motsatira afabeti, kamene kampani ya Zephyr American ya ku New York inayamba kugulitsa mu 1958.

Zolembedwa pakhadi

Khadi lambiri limakhala ndi dzina la munthu, udindo wake, dzina ndi chizindikiro cha kampani, nambala ya foni, imelo, keyala ndi webusaiti. Madokotala, maloya, akatswiri owerengera ndalama ndi aphunzitsi a kuyunivesite amakonda kuwonjezera zilembo za maphunziro awo. Amisiri odziimira paokha nthawi zambiri amalemba ntchito zimene amagwira m'malo mwa udindo, chifukwa kasitomala amafuna kudziwa ngati munthuyo amakonza mafiriji kapena ayi, osati ngati ndi dayilekitala. Kuseri ena amasiya kopanda kanthu kuti wolandira alembepo, ena amaikako mapu, nthawi yotsegulira ndi kutseka, kapena tsiku limene wodwala adzabwerenso kuchipatala. M'mayiko monga China, Japan ndi a Aarabu, anthu ochita malonda ndi akunja amasindikiza mbali imodzi m'chinenero chawo ndipo inayo m'Chingerezi. Aliponso makhadi okhala ndi zilembo za Braille zothandiza anthu osaona.

Vuto lofala ndi kudzaza. Khadi lokhala ndi manambala anayi, mndandanda wa ntchito khumi ndi zithunzi ziwiri limakakamiza wosindikiza kuchepetsa zilembo mpaka zosawerengeka, ndipo wolandira sadziwa nambala yoti aimbe.

Kukula ndi kasindikizidwe

Palibe muyezo umodzi wa dziko lonse. Ku United States ndi Canada khadi limakhala mainchesi 3.5 m'litali ndi 2 m'lifupi, omwe ndi mamilimita pafupifupi 89 ndi 51. Ku Britain, France, Germany ndi mayiko ambiri a kumadzulo kwa Ulaya limakhala mamilimita 85 ndi 55. Ku Japan ndi 91 ndi 55, ku Australia 90 ndi 55, pomwe ku South Africa ndi kumayiko angapo a kum'mawa kwa Ulaya lofala ndi la 90 ndi 50. Miyezo yonseyi ili pafupi ndi ya khadi la ku banki, lomwe malinga ndi muyezo wa ISO/IEC 7810 limakhala mamilimita 85.60 ndi 53.98. Chifukwa chake n'chosavuta kumva: khadi liyenera kulowa m'kachikwama ka ndalama. Makhadi ozungulira kapena aakulu mopitirira amakopa maso poyamba, koma amasowa powasunga.

Pepala la khadi limakhala lolemera magalamu 300 mpaka 400 pa sikweya mita, kusiyana ndi pepala wamba la mu ofesi lomwe ndi la magalamu 80. Pa pepala limodzi la A4 pamatuluka makhadi 10. Osindikiza aang'ono amagwiritsa ntchito printa ya kompyuta n'kudula ndi makina odulira, pomwe makampani aakulu amasindikiza pa makina a offset pogwiritsa ntchito inki ya mitundu inayi. Njira zina zimatukula zilembo kuti zizimveka pozikhudza, zina zimamata kansalu konyezimira ngati golide, ndipo ena amapanga makhadi a pulasitiki, a chitsulo ngakhale a thabwa.

Mtengo unatsika kwambiri pamene makampani anayamba kulandira maoda pa intaneti n'kumasindikiza makhadi a makasitomala ambiri pa pepala limodzi lalikulu. Kampani ya Vistaprint, imene Robert Keane anaiyambitsa ku Paris mu 1995, inatchuka popereka makhadi 250 aulere okhala ndi dzina lake kuseri, kasitomala n'kungolipira zotumizira. Ku London kampani ya Moo inadziwika ndi timakhadi tating'ono tokhala ndi chithunzi chosiyana pa khadi lililonse.

Mwambo wopatsana makhadi ku Japan

Ku Japan kupatsana makhadi ndi mwambo wokhala ndi dzina lake, meishi kōkan, ndipo antchito atsopano amaphunzitsidwa kachitidwe kake akangolembedwa ntchito. Onse awiri amaimirira. Khadi limatulutsidwa m'kabokosi kake, osati m'thumba la thalauza, ndipo limaperekedwa zilembo zitayang'ana kwa wolandira, woperekayo akutchula kampani yake ndi dzina lake. Mlendo kapena wa udindo wocheperapo ndi amene amayamba. Wolandira amaligwira ndi manja awiri, osaphimba dzina ndi zala, amaliwerenga, ndipo pamsonkhano amaliika patebulo. Akakhala kuti walandira angapo amawandanda motsatira mmene eni ake akhalira. Kulembapo pamaso pa mwini wake, kulipinda kapena kuliseweretsa ndi mwano.

Mwambowu uli ndi zifukwa zake. Chijapani chili ndi mawu aulemu osiyanasiyana malinga ndi udindo wa amene akulankhula naye, choncho munthu amafunika kudziwa msanga ngati winayo ndi wamkulu wa dipatimenti kapena kalaliki. Komanso dzina limodzi limatha kulembedwa ndi zilembo zosiyana, ndipo zilembo zofanana zimatha kuwerengedwa mosiyana, moti kumva dzina kokha sikokwanira. Ku China ndi ku South Korea nakonso amapereka ndi kulandira ndi manja awiri. Kwa munthu wokulira ku Malawi kapena ku Zambia, kumene mwana amaphunzitsidwa kulandira chinthu kwa wamkulu ndi manja awiri, mbali imeneyi si yachilendo.

Njira za pa foni ndi pa kompyuta

Kuyambira m'zaka za m'ma 1990 pakhala njira zambiri zofuna kulowa m'malo mwa khadi la pepala. Yoyamba yokhalitsa ndi vCard, fayilo yaing'ono yothera ndi .vcf imene imasunga dzina, manambala ndi keyala. Inakonzedwa ndi gulu lotchedwa Versit, la makampani a Apple, AT&T, IBM ndi Siemens, ndipo mtundu wake wachinayi unatuluka mu 2011. Munthu akatumizira mnzake nambala ya wina pa foni, nthawi zambiri imapita ngati vCard. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 kunabweranso tima CD todulidwa ngati khadi, koma sitinakhalitse.

Mu 2009 kunatuluka pulogalamu ya pa foni yotchedwa Bump, yomwe inkalola anthu awiri kupatsana manambala pogundanitsa mafoni. Google inaigula mu 2013 n'kuitseka kumayambiriro kwa 2014. LinkedIn inagula pulogalamu ya CardMunch mu 2011, yomwe inkajambula khadi n'kusandutsa zolembedwazo kukhala nambala yosungidwa pa foni, ndipo nayonso inatsekedwa mu 2014. Mu 2023 Apple inaika njira ya NameDrop mu iOS 17, yomwe imagwira ntchito poyandikizitsa mafoni awiri, koma onse ayenera kukhala zipangizo za Apple. Apa ndi pamene njira zambiri zotere zimagwera: zimafuna kuti anthu onse awiri akhale ndi foni yoyenera, pulogalamu yofanana, ndipo nthawi zina intaneti.

Njira zimene zapita patsogolo ndi zimene zimagwirira limodzi ndi khadi. QR code, imene kampani ya Denso Wave ya ku Japan inaitulukira mu 1994 kuti izithandiza kulondoloza zipangizo za galimoto m'fakitale, tsopano imasindikizidwa pa makhadi ambiri. Wolandira akailoza ndi kamera ya foni, nambala imasungika kapena webusaiti imatseguka. Palinso makhadi a pulasitiki okhala ndi kachipangizo ka NFC, amene amangogunditsidwa pa foni, ngakhale kuti mwini wake salisiya kwa winayo. Kampani ya Sansan, imene inayamba ku Tokyo mu 2007, inakula chifukwa cha ntchito yolowetsa mu kompyuta makhadi a pepala amene antchito a makampani amalandira. Mliri wa COVID-19 utayamba mu 2020, misonkhano yambiri inasamukira pa intaneti ndipo malonda a makhadi anatsika kwambiri, koma anthu atayambiranso kukumana pamasom'pamaso makhadi anabwereranso m'misonkhano ndi m'zionetsero za malonda.

Chifukwa chake likugwirabe ntchito

Kupereka khadi kumatenga kanthawi kochepa kwambiri ndipo sikudula nkhani. Kusunga nambala pa foni kumafuna kuti wina atulutse foni, aitsegule, afunse kalembedwe ka dzina, abwereze manambala, ndipo nthawi zina foni imakhala itatha moto. Pa chionetsero cha malonda, pamene munthu mmodzi amalankhula ndi anthu ambirimbiri tsiku limodzi, kusiyana kumeneku n'kwakukulu.

Chachiwiri, chomwe anthu ambiri sachiganizira, n'chakuti khadi silikakamiza wolandira. Anthu akamapatsana manambala pa foni, kawirikawiri wina amaimba kapena kuflasha kuti mnzake asunge nambala, ndipo pamenepo onse awiri apereka manambala awo. Khadi limapita mbali imodzi. Wolandira amasankha yekha ngati adzaimbe kapena ayi, ndipo nambala yake imakhalabe yake. Kwa munthu amene wangokumana ndi wamalonda wosamudziwa, makamaka mayi amene sakufuna kuti nambala yake ifike kwa aliyense, ichi si chinthu chaching'ono.

Khadi limathanso kuyenda popanda mwini wake. Limasiyidwa pa kauntala ya sitolo, limamatidwa pa bolodi, limaikidwa m'katoni ya katundu, ndipo kasitomala wokhutira amalipereka kwa mnansi wake amene akufuna pulambala kapena telala. Nambala yosungidwa pa foni imabisala pakati pa mazana a manambala ena, mwina pansi pa dzina limene wosungayo waliiwala kale, pomwe khadi loikidwa pa firiji kapena pansi pa galasi la tebulo limaoneka tsiku lililonse. Limanenanso za mwini wake zinthu zimene sizinalembedwe. Pepala lake, kayalidwe ka zilembo ndi kusamala kwa kalembedwe zimapatsa wolandira chithunzi cha bizinesiyo, ndipo khadi lokhala ndi dzina la kampani lolakwika limawononga mbiri kuposa kusakhala nalo.

Zofooka zake

Khadi likasindikizidwa silisinthika. Munthu akasamuka, akakwezedwa pa ntchito kapena akasintha nambala, bokosi lonse lotsala limatayidwa. Anthu a ku London anazionera okha pamene nambala yoyambira ya mzindawu inasintha katatu m'zaka khumi: mu 1990 nambala ya 01 inagawidwa kukhala 071 ndi 081, mu 1995 zinakhala 0171 ndi 0181, ndipo mu 2000 zonse zinasanduka 020. Nthawi iliyonse makampani ankasindikizanso makhadi, mapepala a makalata ndi zikwangwani. Makhadi ambiri olandiridwa pamisonkhano amatayidwa osagwiritsidwa ntchito, ndipo okutidwa ndi pulasitiki amavuta kuwabwezeretsa kukhala pepala.

Choopsa kwambiri n'chakuti khadi si chiphaso. Aliyense akhoza kupita kwa wosindikiza n'kudzilemba kuti ndi loya, injiniya kapena woimira kampani yodziwika, ndipo wosindikiza safunsa umboni. Anthu akuba mwachinyengo amadalira ulemu umene anthu amapereka ku khadi looneka bwino. N'chifukwa chake munthu asanapereke ndalama amalangizidwa kutsimikiza kudzera ku ofesi yeniyeni ya kampaniyo kapena ku bungwe lolembetsa akatswiri a ntchito imeneyo, osati pa nambala ya pakhadi pomwepo. QR code nayo ikhoza kutsegula webusaiti yabodza. Ku European Union, lamulo loteteza chinsinsi cha anthu la GDPR, limene linayamba kugwira ntchito pa 25 May 2018, limakhudzanso mayina ndi manambala otengedwa pa makhadi akalowetsedwa mu kompyuta ya kampani.

Ku Malawi

Ku Malawi makhadi amapezeka kwambiri kwa antchito a m'mabanki, a m'boma, a mabungwe omwe si aboma, maloya, eni malo ogona alendo, ojambula zithunzi, okongoletsa pa maukwati ndi oyendetsa matakisi. Ambiri amalembedwa m'Chingerezi. Amagawidwa kwambiri pa misonkhano ndi pa zionetsero monga Malawi International Trade Fair, chimene bungwe la MCCCI limachititsa pabwalo la Chichiri mumzinda wa Blantyre. Amalonda ochita ndi akunja amayamba nambala ndi +265, ndipo si zachilendo kuona manambala awiri pa khadi limodzi, ya Airtel ndi ya TNM, kuti kasitomala aimbe pa netiweki imene ikumutsikira mtengo. Ena amasonyezanso nambala ya WhatsApp ndi yolipirira kudzera pa Airtel Money kapena TNM Mpamba.

Keyala ya pakhadi kawirikawiri imakhala ya ku positi ofesi, P.O. Box kapena Private Bag, imene siuza munthu kumene sitolo ili. Popeza misewu yambiri ilibe mayina odziwika ndipo nyumba zambiri zilibe manambala, wamalonda amawonjezera mawu olongosola malo, monga dzina la Area ku Lilongwe, msika wapafupi, kapena malo omwetsera mafuta oyang'anizana nawo. Pamenepa khadi likugwira ntchito yofanana ndi imene linkagwira ku London zaka za m'ma 1760 zisanafike. Bungwe la MACRA lakhala likuyendetsa ntchito yopereka mayina a misewu, manambala a nyumba ndi ma postcode m'dziko muno.

Makhadi odziwika

Makhadi ena amatchuka chifukwa cha kapangidwe kake. Kevin Mitnick, amene anakhalapo m'ndende chifukwa cholowa m'makompyuta a makampani mopanda chilolezo kenako n'kukhala mlangizi wa chitetezo cha makompyuta, anali ndi khadi lachitsulo lokhala ndi tizipangizo totsegulira loko tothyoledwa pakhadipo. Kampani ya Lego imapatsa ena mwa antchito ake tizidole tofanana nawo, tolembedwa dzina kutsogolo ndi nambala kumbuyo. Mu filimu ya American Psycho ya mu 2000 muli gawo lodziwika limene anyamata ogwira ntchito za ndalama ku New York akupikisana pa mtundu wa pepala ndi zilembo za makhadi awo, omwe kwa woonera amaoneka ofanana.

Makhadi a anthu otchuka amagulidwa ndi osonkhanitsa zinthu zakale. Mu March 2024 khadi la Steve Jobs la ku Apple la cha m'ma 1983, lomwe iye anasainapo, linagulitsidwa pa okushoni ya RR Auction ku United States pa mtengo wa madola 181,183.